Ndi DVD iti imene imawerenga zimbale zobena? Zitatu zimene ndagwiritsapo ntchito

Chijambulitsireni nyimbo kwaya yathu n'kugawa zimbale, palibe Lamulungu limene limadutsa wina osandikoka malaya panja pa tchalitchi: "Achimwene, tigule DVD yotani? Yathu ija ikukana chimbale." Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba pano. M'nyumba mwanga mwadutsa makina atatu: a dzina lotchuka amene ndinagula m'sitolo ina ku Limbe, aja otchipa a ku China amene adzaza m'misika, ndi kaja kokhala ndi sikirini yake kotsekedwa ngati laputopu. Za kuwala kwa chithunzi sindinenapo, pa TV zimene ambirife tili nazo onsewa amaonetsa chimodzimodzi.

Ndiyambe ndi yodula ija, chifukwa ndi imene inandichititsa manyazi. Ndinaigula sabata imene mkulu wojambula anabweretsa kanema wa chinkhoswe cha mchemwali wanga. Ndinadziuza kuti chinthu chaulemu chotere sichingaonetsedwe pa makina a pamsika. M'sitolomo anandiyesera ndi chimbale chawo cha orijino, chithunzi chinatuluka bwinobwino, ndinalipira osanyinyirika. Loweruka kunyumba kunadzaza. Malume anachita kuchokera ku Ntcheu, ana anakhala pamkeka, mayi atakonza kale thobwa. Ndinaika chimbale. Makinawo anazunguza, kuzunguza, kenako pa TV panalembedwa kuti mulibe chimbale. Ndinachipukuta ndi malaya, ndinachiuzira mpweya, ndinazimitsa n'kuyatsanso, koma ayi ndithu. Mapeto ake mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe anathamangira kwawo kukatenga ka DVD kawo kothothoka batani, kamene mtengo wake sunafike ngakhale theka la yanga. Chimbale chomwecho chinayamba pompo. Malume anangoti, "Mphwanga, ndiye ndalama zija unagulira bokosi?"

Lolemba ndinabwerera kusitolo. Anatulutsanso chimbale chawo chija, chinaonetsa, ndipo anandiuza kuti katundu alibe vuto, ndalama sabweza. Ndinapita kwa wojambula uja, nayenso anati kubenanso mwa mtundu wina ndi ntchito yatsopano, ndilipirenso, chimbale chopanda kanthu ndigulenso ndekha. Ndalama yachiwiriyi ndi imene imandiwawabe mpaka lero, chifukwa palibe anandichenjeza za iyo pogula.

Pambuyo pake m'pamene ndinamvetsa chimene chinachitika. Chimbale chobena chikhoza kukhala ndi kanema m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ija ya DVD yeniyeni, imene ukatsegula pakompyuta umapeza foda yolembedwa VIDEO_TS, m'kati muli mafayilo a VOB. Imeneyi pafupifupi makina onse amaidziwa. Njira yachiwiri ndi yongoponya mafayilo pachimbale monga timachitira pafulashi, ndipo obena ambiri amaikonda chifukwa ndi yachangu komanso mumalowa makanema ambiri mu 4.7 GB ija. Wojambula wathu anaponya mafayilo a AVI. Yodula yanga inalibe chizindikiro cha DivX (mtundu wa kanema umene umapezeka kawirikawiri m'mafayilo a AVI) kutsogolo kwake, choncho mafayilo otere sinkawadziwa. Chilembo chaching'ono chimenecho, chimene sindinachiyang'ane n'komwe, ndiye chinali nkhani yonse.

Palinso nkhani ya kachizindikiro kochotsera ndi kophatikiza. DVD-R inayamba ndi a Pioneer mu 1997, pamene DVD+R inabwera mu 2002 kuchokera ku gulu lina la makampani momwe munali a Philips ndi a Sony. Ukaziona zimafanana, koma kabenedwe kake n'kosiyana. Makina atsopano amawerenga zonse ziwiri. Vuto limakhala pa akale aja amene abale amabwera nawo kuchokera ku Joni, ena mwa iwo anapangidwa DVD+R isanafale ndipo amaikana. Amene mumabena nokha, pulogalamu ya ImgBurn imatha kulemba chimbale cha DVD+R kuti chizidzitchula DVD-ROM ngati zimbale za orijino, bola chobenera chanu chikhale chololera zimenezo, ndipo makina akale ambiri amanyengeka. Kwa ena tonsefe, mukamapita kwa obena ingogulani DVD-R. Muwauzenso kuti asathamangitse, abene pa 4x kapena 8x, ndipo akamaliza achitseke chimbalecho, zija amati finalize. Chimbale chosatseka chimaonetsa pa makina amene anachibena, koma kufika nacho kunyumba zii.

Tsopano yotchipa ija, imene ndinagula mwezi wotsatira ndili ndi mkwiyo. Iyi simasankha. DVD-R, DVD+R, zofufutika zija za RW, ma VCD akale a nyimbo za uzimu, ma CD a MP3, mafayilo a AVI, zonse imameza. Ili ndi polowetsa fulashi, pena ndi pamaikolofoni pomwe, ana amaimbirapo madzulo. Pa rimoti pali kabatani kolembedwa N/P. Kuno ma TV athu amaonetsa zithunzi m'njira yotchedwa PAL, ndiye wachibale akatumiza chimbale chobenedwa ku America, komwe ndi NTSC, TV yakale imatha kuonetsa chithunzi chopanda mitundu kapena chothamanga. Kabatani kameneko kamathetsa zimenezo.

Koma musanamizidwe ndi zolembedwa pakatoni. Ambiri amalemba MP4 ndi zilembo zikuluzikulu, pamene akutanthauza mtundu wakale wa DivX ndi Xvid. Makanema ojambula pafoni za masiku ano ndi a mitundu ina, monga H.264, ndipo yanga imawakana, pena imangotulutsa mawu opanda chithunzi. Kanema akaposa 720 x 576 kukula kwake, imakananso. Fulashi nayo imafuna yofomatidwa m'njira ya FAT32, kutanthauza kuti fayilo imodzi isapitirire 4 GB. Izi ndinazizolowera, ndimangomuuza wobena kuti asinthe kanemayo akhale AVI asanaike.

Kulimba ndiye ilibe, zimenezo ndivomere. Rimoti inafa chaka chisanathe, kathireyi kake kamafuna kukankhidwa ndi chala, ndipo ikamazunguza imalira ngati chigayo chapatali. Inafikanso poti ma CD ikuwerenga koma ma DVD ikukana. Wokonza mawailesi anandifotokozera kuti m'diso lake muli nyali ziwiri, ina ya CD ina ya DVD, ndipo ya DVD ndi imene inatopa. Diso likayamba kufooka, zimbale zobena ndi zimene zimayamba kukanidwa, chifukwa sizibweza kuwala kwambiri ngati za orijino, makamaka za RW. Anasintha disolo tsiku lomwelo ndi lina lochotsa m'makina akufa, pamtengo wosadandaulitsa.

Kokhala ndi sikirini kaja ndinagulira mayi kumudzi, komwe kulibe magetsi. Ubwino wake ndi umodzi basi: kali ndi batire lake ndipo kamatchajidwa ndi 12V, ndiye sola yaing'ono kapena batire la galimoto zimakwana. Ngakhale m'tauni magetsi akazima kamapulumutsa. Pa mafayilo kamafanana ndi yotchipa ija. Koma diso lake limakhala poyera ukatsegula chivundikiro, fumbi la mu Okutobala ndi zala za adzukulu zimalipeza msanga. Panopa mayi amangoonera za pafulashi.

Za zigawo, zija amati region, loko woletsa chimbale cha dera lina la dziko lapansi kuonetsa pa makina a dera lina, musataye nazo tulo. Malawi ili m'chigawo 5, South Africa m'chigawo 2, ndipo zimenezi zimavutitsa pa zimbale za orijino zokha. Zobena kunyumba sizikhala ndi loko ameneyu.

Ndiye mukandifunsa, ndikuti gulani yotchipa yokhala ndi polowetsa fulashi. Ndikudziwa kuti zilipo za mayina otchuka zimene zili ndi DivX ndipo zimawerenga bwino, mlamu wanga ali nayo ndipo sadandaula, koma ine mtima sunapole, sindingakutumeni kumeneko. Popita kokagula musapite chimanjamanja. Tengani chimbale chanu cha kwaya, china cha ukwati, ndi fulashi yanu, muyesere pomwepo wogulitsa akuona, ndipo kanemayo mumuthamangitse mpaka chakumapeto, chifukwa zimbale zobena zimakonda kukakamira cha m'mphepete. Akakana kuti muyese zanu, pitani pa benchi yotsatira.

Yodula ija ikadalipo, ndipo kunena zoona sinawonongekepo ngakhale kamodzi. Ili pansi pa TV, akazi anga anaiyala kansalu koluka, ndipo yotchipa ija imakhala pamwamba pake.