Hotela ya nyenyezi 5 yomwe imati imasamala chilengedwe: ndaipatsa 4, chifukwa chake nachi

Nyenyezi imodzi ndachotsayo si chifukwa cha bedi kapena mawetala ayi, kumeneko kulibe chodandaula, bedi lake ukangogonapo umaiwala kuti m'mawa kuli msonkhano. Ndachotsa chifukwa pa webusayiti yawo amadzitama heve pa nkhani yosamala chilengedwe, zithunzi za masamba obiriwira ponseponse, nde poti zimenezo zinathandizira kuti ndisankhe kugona kumeneko ndimayang'anitsitsa ngati amachitadi zomwe amanenazo. Dzina sinditchula, ndi imodzi mwa zija zikuluzikulu zapakati pa mzinda, yosanja mpaka khosi kuwawa ukamayang'ana m'mwamba, kunja galasi lokhalokha.

Kubafa kulibe timabotolo tating'ono ta shampu tija ambirife timaponya m'chikwama pochoka (musachite ngati simukudziwa kkk). Ayika mabotolo akuluakulu okhomera kukhoma, okiya bwinobwino moti mlendo sangatsegule nkuthiramo zina, ndipo sopo wake ndi wabwino zedi. Koma apa sindiwaombera m'manja kwambiri chifukwa anzawo anayamba kalekale, mu 2019 makampani akuluakulu a mahotela a IHG ndi Marriott onse analengeza kuti akusiya timabotoloti, a Marriott ankati kwa iwo okha ndi timabotolo pafupifupi 500 miliyoni pachaka, ndipo ku California kuyambira 2023 ndi lamulo kwa hotela iliyonse ya zipinda zoposa 50. Chondiseketsa nchakuti pambali pomwepo pali masilipasi okulunga mu pulasitiki, mswachi mu pulasitiki, chipeso mu pulasitiki, thonje la m'makutu mu pulasitiki yakeyakenso. Madzi akumwa okha ndiye zinandiwaza, amasefa okha pa hotela pomwepo nkuthira m'mabotolo agalasi, pakamwa pamatidwa kapepala kolemba tsiku lomwe athira, ukamaliza amatenga botolo kukatsuka. Zosavuta koma zogwira mtima.

Tsono nkhani ya thaulo, apa mpomwe ndinayamba kukwiya. Pali kakhadi kaja mukukadziwa, koti ukapachika thaulo ndiye kuti ugwiritsanso ntchito, ukaliponya pansi ndiye kuti asinthe. Ine ndimapachika bwinobwino, kuliwongola kumene kuti aone kuti ndachita dala, koma pobwera madzulo ndimapeza mataulo onse atsopano, ngakhale lija sindinalikhudze nkomwe lapita kochapa. Tsiku lina ndinakumana ndi mayi okonza m'chipindamo ali ndi ngolo yawo pakhonde, ndinawafunsa mwaulemu kuti mayi, kodi kakhadi aka kamagwira ntchito? Anamwetulira kaye, kenako akuti akulu awo akamayendera zipinda akapeza thaulo lonyowa pakhoma amawalembera kuti sanamalize ntchito, ndiye iwo angatani, bola kusintha zonse basi, komanso zipinda zowapatsa patsiku nzambiri moti nthawi yoima nkumaganiza kuti ili lapachikidwa dala kapena ayi palibe. Mayiwa alibe mlandu. Vuto lili kwa amene anasindikiza kakhadiko osasintha pepala lomwe oyendera zipinda amachonga. Ndipo si zalero izi, mu 1986 munthu wina wa ku America, Jay Westerveld, analemba kale zodzudzula mahotela kuti kakhadi ka thauloka kwenikweni nkofuna kuchepetsa ndalama zochapira. Ine zoti hotela ipindulepo sizindivuta, madzi ndi sopo zikapulumuka zapulumuka ndithu. Chondiwawa nchakuti akatswiri anafufuza mpaka mawu oti alembe pa kakhadiko, mu 2008 Robert Cialdini ndi anzake anapeza kuti ukalemba kuti alendo ambiri amagwiritsanso ntchito thaulo lawo, omvera amakwera kuchoka pa 35 kufika pa 44 mwa anthu 100 aliwonse, ndiye taganizani mlendo wamvera, wapachika, koma thaulo lake nkupitabe mu makina.

Zamagetsi nazo ndi chimodzimodzi, mbali ina bho mbali ina ayi. Ukalowa umalowetsa khadi la pachitseko mu kabokosi ka pakhoma kuti magetsi ayake, ukatuluka nalo zonse zimazima pakapita kamphindi, ndipo ukatsegula kazenera eyakoni imasiya yokha chifukwa pali sensa pa felemu. Zanzeru. Koma madzulo akabwera kudzakonza bedi amasiya khadi lawo lopanda kanthu mu kabokosi kaja kuti ukamalowa upeze nyali zonse zikuyaka, TV ikukulonjera ndi dzina lako, eyakoni ili pa 18 chipinda chili zii ngati mufiriji. Ine ndimabwera mochedwa usiku, nde maola onsewo amaziziritsira ndani? Mipando?

Chomwe chinabweza mtima wanga ndi zomwe sizioneka. Nditadandaula pa resepishoni anandiitanira bambo wina woyang'anira makina a nyumbayo, munthu wosakometsera, ndipo ndi yekhayo amene anandiuza zinthu zogwirika. Akuti makina akuluakulu oziziritsira nyumba amatulutsa kutentha kwambiri, nde mmalo mongokutaya kudenga amakugwiritsa ntchito kufunditsa madzi asanafike mu boyila, moti madzi otentha a mu shawa yanga mbali ina amachokera ku eyakoni yomweyo. Madzi a mu shawa ndi m'masinki amawasefa pansi pa nyumba nkuwabweza kuti azigujumulira zimbudzi ndi kuthirira maluwa. Kochapira, madzi otsukuluzira komaliza amayambira kuchapa mtolo wotsatira. Nditafunsa za mapanelo a sola omwe ali pa chithunzi choyamba cha webusayiti anaseka, akuti bwana denga la nyumba yosanja chonchi ndi laling'ono poyerekeza ndi zipinda zili pansi pake, sola imeneyo imangothandiza pang'ono chabe, zenizeni zili pa makina oziziritsira ndi pa galasi lomwe limabweza dzuwa. Zimenezi pa webusayiti palibe olo mzere umodzi, mwina poti mapaipi sajambulika bwino.

Shawa ndi yochepetsa madzi koma mphamvu ilipo, simungazindikire. Kungoti pambali pake pali bafa lalikulu loti anthu awiri nkukwanamo, lomwe kulidzaza kamodzi ndi malita oposa 150, ndipo ayikapo mchere wonunkhira wokukopa kuti ulowemo. Ku Cape Town mu 2018 madzi atatsala pang'ono kutheratu mahotela ena anachotsa zotsekera za m'mabafa kuti alendo azingosamba mu shawa, apa zotero sangayerekeze, mlendo wa nyenyezi 5 akufuna bafa lake.

Koma abale bufe ya m'mawa. Apa ndiye pali nkhani yaikulu kuposa mataulo ndi timabotolo kuphatikiza. Chakudya nchokoma, osanama, ndipo pali zina achita bwino: mazira amakuphikira ukaitanitsa, mbale nzocheperako kuti anthu asamaunjike, batala ndi jamu sizili mu timapaketi. Weta wina anandiuza kuti kukhitchini kuli sikelo pansi pa bini yoyeza chilichonse chotayidwa, zofanana ndi zija za kampani ya Winnow zomwe mahotela ambiri akugwiritsa ntchito, ndipo makoko ndi zotsala m'mbale zimapita kopanga manyowa. Chabwino. Koma ine ndinakhala dala mpaka nthawi yotseka, kutatsala mphindi zochepa tili anthu owerengeka m'chipinda chodyeramo, ndikuona mnyamata akubwera ndi thireyi yodzadza ndi masoseji ndi ina ya nyama yankhumba nkuyika pamoto, buledi mulu wonse osagumuka, zipatso zosendasenda mbale zikuluzikulu. Nditamufunsa akuti lamulo lawo ndi loti wobwera komaliza apeze tebulo likuoneka ngati mmene analipezera woyamba. Chakudya chomwe chakhala poyera maola angapo anthu akupisamo sangachibwezenso mufiriji kapena kukapereka kwina, chimapita mu bini ya sikelo ija, nde kuyeza akuyeza koma kutaya akutayabe. Lipoti la 2024 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe, linati mu 2022 dziko lonse linataya chakudya matani oposa 1 biliyoni ndipo 28 peresenti inachokera m'malo odyera ngati amenewa, chikakaola kudzala chimatulutsa mpweya wa methane womwe umatenthetsa dziko kuposa utsi wamba. Nyama imodzi yotayidwayo yadya madzi ndi chakudya chambiri ng'ombe kapena nkhumba isanaphedwe, thaulo langa lija silingafikeko. Tithireyi ting'onoting'ono ola lomaliza, kapena kungofunsa mlendo chomwe akufuna nkumuphikira, bwenzi zitatha.

Pakhoma la resepishoni pali satifiketi yokongola mu felemu. Kwa amene mumasankha hotela poona zimenezi, muzilowa pa webusayiti ya amene anapereka satifiketiyo nkuona ngati hotelayo ilipodi pa mndandanda komanso ngati sinathe ntchito, zina ngati Green Key yomwe inayambira ku Denmark mu 1994 zimafuna kukonzanso pakapita nthawi, pomwe LEED kawirikawiri imakamba za mamangidwe a nyumba osati zomwe zikuchitika pa bufe lero m'mawa. Ine ndinapempha kuti andiuze malita a madzi ndi mayunitsi a magetsi omwe mlendo mmodzi amagwiritsa ntchito usiku umodzi, chaka chino poyerekeza ndi chatha, mtsikana wa pa desikiyo anayesetsa ndithu koma chomwe anandipezera ndi kabuku ka zithunzi za njuchi zomwe amaweta padenga. Njuchizo nzosangalatsa, uchi wake ndinalawa, koma funso langa silinayankhidwe.

Zina mwachidule: intaneti ndi yothamanga, phokoso la mumsewu silimveka, malifiti amachedwa m'mawa, ogwira ntchito ndi aulemu kuyambira mlonda mpaka manijala. Kubwereranso ndingabwerere. Kwa amene mukupita, mukangofika uzani a pa resepishoni kuti simukufuna zodzakonza bedi madzulo ndipo alembe mu kompyuta, masiku omwe simukufuna mataulo atsopano pachikani chikwangwani chija chokaniza kulowa pachitseko chifukwa kakhadi ka kubafa sikathandiza. Risiti ndinapempha kuti anditumizire pa imelo ndipo anatumizadi, kenako nkundipatsanso ina yosindikiza masamba atatu mu envelopu yokhuthala.