Kuchotsa chotupa chokha kapena bere lonse?

Mayi wa ku Kasungu akapezeka ndi khansa ya m'mawere, dokotala angamupatse njira ziwiri za opaleshoni.

Chotupa chokha: bere limatsala, bala n'laling'ono. Koma pambuyo pake pamafunika radiation (chithandizo chopha maselo a khansa ndi cheza champhamvu chochokera m'makina) kwa masabata angapo, kutali ndi kwanu. Thiransipoti ndi pogona zingadye ndalama yonse ya fodya.

Bere lonse: bala lalikulu, mtima umawawa, koma radiation siifunika nthawi zonse.

Khansa ikadziwika msanga, njira zonsezi zimapulumutsa mofanana.

Vuto ndi chotupa chokula. Pakati pake magazi safika bwino. Maselo osowa okosijeni amayamba kudya shuga mwaumbombo, amameretsa timitsempha tatsopano, amafalikira mosavuta, ndipo radiation siwagwira bwino.

Wa kachotupa kakang'ono, wotha kuyendayenda kukalandira radiation, njira yoyamba imamuyenera. Chikakula, kapena zikakhala zingapo, madokotala amakonda yachiwiri.