Nikon Monarch M5 8x42 pagombe ndi m'mbali mwa mtsinje: imawala bwino, koma imaona malo ochepa

Munthu amene amaonera mbalame pagombe la nyanja yamchere komanso m'tchire la kamtsinje kothira m'nyanjamo amafuna zinthu zosemphana kwa bainokyula imodzi. Pagombe mbalame zimakhala kutali, dzuwa likuthwanima pamadzi, mphepo ikuuluza mchere ndi mchenga. Kumtsinje zimakhala pafupi, mumthunzi, ndipo sizikhazikika. Nikon Monarch M5 8x42, yomwe inatuluka mu 2021, ina mwa ntchito imeneyi imaigwira bwino kwambiri, ina imaperewera.

Mphamvu yake ili pa kuwala. Nambala 8 ikutanthauza kuti imakulitsa chinthu ka 8, ndipo 42 ndi kukula kwa magalasi akutsogolo m'mamilimita. Mukagawa 42 ndi 8 mupeza kuti kuwala kumafika m'diso ngati kabwalo ka mamilimita pafupifupi 5.3. N'chifukwa chake mbandakucha, pansi pa mitengo ya m'mphepete mwa madzi, nthenga zimaonekabe mitundu yake pamene bainokyula zing'onozing'ono zikungoonetsa chithunzithunzi. Magalasi ake ndi a mtundu wa ED, opangidwa kuti achepetse kusokonekera kwa mitundu m'mphepete mwa chinthu chimene mukuona. Phindu lake mumaliona pa kakowa woyera ataima pamadzi akuda: kamzere kofiirira kamene kamazungulira mbalame yoyera m'magalasi wamba, pano pakati pa chithunzi sikavutitsa, kamangoyamba kuonekera cha m'mphepete. Ovala magalasi a maso nawonso asadandaule, chifukwa diso likhoza kutalikira mamilimita 19.5 n'kumaonabe chithunzi chonse, bola mupotokolere pansi makapu a kumaso, timphira tozungulira pamene mumaika maso. Chinthu chapafupi imachigwira kuyambira pa mamita 2.5.

Vuto lalikulu n'lakuti imaona malo opapatiza. Pa mtunda wa mamita 1,000 imaonetsa mamita 112 m'lifupi. Zikumveka zambiri, koma kumtsinje simuyang'ana patali chotero. Pa mamita 10 mukuona kadera koposa mita imodzi pang'ono basi. Mbalame ya kingfisher ikadutsa motsika pamwamba pa madzi, kapena kambalame kakamadumphadumpha m'bango, mumataya nthawi kukasaka, ndipo pofika pokapeza kapita. Mkulu wake, Monarch M7 8x42, amaonetsa mamita 145, ndipo m'tchire kusiyana kumeneku kumamveka ndithu. Apa ndi pamene wogula ayenera kuganizira mofatsa.

Njira yochepetsera vutoli ilipo. Mukafika pamalo, konzeranitu fokasi, kutanthauza kuzungulitsa gudumu lapakati mpaka chithunzi chioneke bwino, pa tsidya la mtsinje kapena pa nthambi imene mbalame zimakonda kuterapo. Mbalame ikaoneka musachotsepo maso. Kwezani bainokyula kuti ipeze maso anu, osati kuweramitsa mutu kuti maso apeze bainokyula.

Pagombe nkhani ndi mtunda. Mbalame ili pa mamita 80 imaoneka ngati ili pa mamita 10. Kwa kakowa n'zokwanira, koma kwa sanderling, kambalame ka masentimita pafupifupi 20 kothamangitsana ndi mafunde, kutalika kwa mlomo ndi mtundu wa miyendo sizidziwika bwino. Ambiri amathamangira ya 10x42, koma imeneyo imaona mamita 98 okha, ndiponso mphepo ya kunyanja ikamakugwedezani manja chithunzi chimanjenjemera kwambiri. Chanzeru ndi kutsata kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja. Fikani kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti madzi adzaze, khalani pansi dzuwa lili kumsana, zigongono pamawondo, ndipo madzi akamakwera azikukankhirani mbalamezo pafupi. Musaziyandikire mpaka kuziulutsa, chifukwa zambiri zimakhala zitauluka ulendo wautali ndipo zikufunika kudya ndi kupuma. Masana mchenga ukatentha mpweya umachita ngati ukuvina, ndipo palibe galasi limene lingakonze zimenezo. Mbalame za kutali pamatope zimafuna telesikopu ya pamiyendo itatu.

M5 siopa madzi. Nikon imati imapirira kumira mita imodzi kwa mphindi 10, ndipo mkati muli mpweya wa nayitrojeni kuti musachite nkhungu. Chimene chimaononga ndi mchere ndi mchenga. M5 ilibe utoto wothamangitsa madzi ndi mafuta umene uli pa magalasi a M7, choncho timadontho ta m'nyanja timauma n'kusiya mawanga oyera. Musapukute ndi malaya. Mchere wouma ndi mchenga zimakanda utoto wa pagalasi, ndipo chikakandika sichibwerera. Yambani mwauzira ndi kapampu ka mpweya, musese ndi kaburashi kofewa, kenako mutsukuluze ndi madzi abwino oyenda pang'onopang'ono, osati otentha kapena othamanga. Potsuka musazungulitse gudumu la fokasi. Iume pamthunzi, zotsekera zili zotsegula, ndiye mumalize ndi kansalu ka magalasi. Makapu a kumaso ndiwo amasunga mchenga kwambiri. Akayamba kulira kerekeche powapotokola, musakakamize, atulutseni mpaka pamapeto n'kuwatsuka.

Kamphete kolinganizira maso awiri kali kudzanja lamanja ndipo sikakhomeka, ndiye ikani kachizindikiro pamene diso lanu limagwirizana napo. Kulemera ndi magalamu 630, koma kwa tsiku lathunthu lamba wodutsa m'mapewa amaposa wa m'khosi, ndiponso amaletsa bainokyula kulendewera m'madzi mukamawoloka pamiyala.

Kwa amene nthawi zambiri amakhala pansi pagombe kapena pamathiriro a mtsinje kudikira mbalame zoyenda pansi, makamaka wovala magalasi a maso, M5 8x42 ndi yoyenera. Amene amakonda kulondola timbalame tothamanga m'mitengo ya m'mbali mwa madzi ayambe wayika M7 kumaso, ayerekeze ziwirizi pa chitsamba chimodzi cha pa mamita 10, asanatulutse ndalama.