Ma transcript a pakompyuta a ma court reporter, ntchito yabwino koma mtengo wakwera

Anzanga amene mumagwira ntchito m'maofesi a maloya kuno ku America, ndinenepo za kampani ya ma court reporter (anthu olemba mawu onse oyankhulidwa pa mlandu) imene imatilembera ma deposition athu, uja umboni umene mboni imapereka italumbira poyankha mafunso a maloya kunja kwa khoti, dzina la kampaniyo sinditchula. Mayi amene amabwera amalemba pa kamakina ka steno kolembera mwachidule ndipo ali ndi satifiketi ya ma court reporter ya RPR (Registered Professional Reporter), ija munthu amayenera kufika mawu 225 pa miniti, liwiro lake ndi loona ndithu.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mafayilo a transcript (zolemba za zonse zimene zayankhulidwa) amene amatumiza. Amabwera PDF, ASCII komanso E-Transcript ya .ptx, tsamba lililonse mizere 25 yokhala ndi manambala, ndiye loya akafuna pamene mboni inatchula tsiku la ngozi ndimangotayipa mawuwo basi tsamba ndi mzere zapezeka, osatinso kuvundukula mulu wa mapepala mpaka usiku. Ma exhibit, zija zikalata ndi zithunzi za umboni, amawalumikiza momwemo, ukangodina atseguka. Condensed ija ya masamba 4 pa pepala limodzi imapepukanso ponyamula.

Koma ndalama ndiye amadya abale. Amatchaja pa tsamba, ukafuna mwachangu mtengo umakwera, rough draft (yoyamba ija yosakonzedwa) ndalama zinanso chonsecho siyotsimikizidwa, sungaitchule kukhoti. Izi zimandipweteka chifukwa amalipira ndi kasitomala, ena ndi anthu ovutika kale.

Mayina a mankhwala nthawi zina amawalakwitsa, ndiye atumizireni kalembedwe kake deposition isanayambe. Mboni ipemphenso kuwerenga transcript deposition isanathe, Rule 30(e) ya malamulo a milandu ya civil m'makhoti a federal imapereka masiku 30 okonza zolakwika.