Shah Rukh Khan kapena Aamir Khan: muyambire kwa ndani?

Anzanga amene mwangoyamba kumene kukonda mafilimu a ku India, ambiri mumafunsa kuti muyambe ndi Khan uti. Awiriwa si apachibale ayi, dzina lokha ndilo lofanana. Onse anabadwa mu 1965, Aamir ku Bombay, Shah Rukh ku New Delhi, koma anadzera njira zosiyana.

Aamir anakulira m'banja la mafilimu. Bambo ake, Tahir Hussain, ankapanga mafilimu, chimodzimodzinso achimwene a bambo akewo, Nasir Hussain, ndipo Aamir anaonekera pa kanema ali ndi zaka 8. Shah Rukh analibe womugwira dzanja. Anayambira m'masewero a pa TV, ndipo pofika 1991 makolo ake onse awiri anali atamwalira. Filimu yake yoyamba inatuluka mu 1992. Chaka chotsatira anavomera kusewera ngati munthu wakupha mu Baazigar ndi Darr, pamene wina akanaopa kuti anthu amuda asanamudziwe n'komwe. Kulimba mtima kumeneko ine kumandikhudza mpaka lero.

Shah Rukh umamuonera iye mwini. Akatambasula manja pakati pa nyimbo, maso atadzaza misozi, ngakhale nkhani ikhale yofooka umakhalabe pampando. Dilwale Dulhania Le Jayenge ya 1995, imene anasewera ndi Kajol, yakhala ikuonetsedwa kwa zaka zoposa 25 m'holo imodzi ya Maratha Mandir ku Mumbai. Vuto ndi lakuti mafilimu ake ndi ochuluka, ndipo ena amangofanana: chikondi, makolo okana ukwati, kuvina kumapiri. Mukasankha chisawawa, bandulo ikhoza kutha musanapeze wabwino.

Kwa Aamir chimene chimatsogola ndi nkhani. Amatha chaka, nthawi zina ziwiri, pa filimu imodzi. Tengani Lagaan ya 2001, imene inapikisana nawo pa mphoto ya Oscar. Alimi a m'mudzi wina, mvula yakana, koma atsamunda achingerezi akufunabe msonkho. Mkulu wa asilikali akuwauza kuti akawagonjetsa pa masewero a cricket sakhoma msonkho zaka zitatu, akalephera akhoma kuwirikiza katatu. Ife amene agogo athu ankatisimbira za msonkho wa nyumba nthawi ya atsamunda sitifunika womasulira kuti timve kuwawa kwake. Koma konzekani, imatenga pafupifupi maola anayi, ndiye foni ikhale ndi moto wokwanira.

Imene inandigwira mtima kwambiri ndi Taare Zameen Par ya 2007, imene Aamir anaitsogolera yekha. Ndi ya mwana amene zilembo zimamusokonekera m'maso, akulu n'kumamuyesa waulesi. Ndinaionera ndi mchemwali wanga, mphunzitsi wa Sitandade 3. Itatha anakhala duu kwa kanthawi, kenaka anayamba kutchula ana a m'kalasi mwake mmodzimmodzi.

Onse anapunthwapo. Mu 2018 Zero ya Shah Rukh ndi Thugs of Hindostan ya Aamir sizinayende bwino. Shah Rukh anapuma zaka zinayi, n'kubwerera mwamphamvu mu 2023 ndi Pathaan ndi Jawan, mafilimu a nkhonya ndi mfuti. Aamir anagwanso mu 2022 ndi Laal Singh Chaddha.

Mtima wanga uli kwa Shah Rukh, sindibisa. Komabe ngati mukuonera ndi ana ndi makolo pabalaza, yambani ndi Aamir, makamaka Dangal ya 2016, nkhani yoona ya Mahavir Singh Phogat amene anaphunzitsa ana ake aakazi, Geeta ndi Babita, masewero ogwetsana pansi anthu a m'mudzi akumuseka. Mukatero mufunefune Chak De! India ya 2007, mmene Shah Rukh ndi mphunzitsi wa timu ya hockey ya atsikana. Mulibe chibwenzi, mulibe kutambasula manja, ndipo kwa ine ndi mmene anasewera bwino kuposa monse.