Garaja ina ku Lilongwe yandikonzera ma injekita a GDI

Kagalimoto kanga ka ku Japan kamanjenjemera ndikaima pa ma roboti, koma ndikaponda moto kamayenda bwinobwino. Makaniko awiri anangosintha ma pulagi, palibe chinasintha.

Apa mpamene ndinapeza bambo wina wodziwa GDI, mtundu wa injini omwe Mitsubishi inatchukitsa mu 1996. Anandilongosolera kuti petulo amapopedwa molunjika mu silinda ndi pulesha yayikulu kwambiri, ndiye injini ikamangolira osayenda imafuna timadontho tochepa kwambiri, injekita (kachipangizo kopopera petuloyo) imatseguka kanthawi kosakwana 1 millisecond (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi) moti kasingano kamkati kamatseka kasanakwere nkomwe mpaka pamwamba. Pamenepo kamwaye pang'ono pakamwa pa injekita imodzi basi, silinda iyi ikumwa zambiri inayo zochepa, galimoto nkumagwedezeka.

Analumikiza kompyuta, kundionetsa silinda yolakwayo, kutsuka ma injekita onse anayi pa makina, kuika ma seal atsopano kenako kufufuta zomwe ECU (kompyuta yoyendetsa injini) inazolowera kuti iphunzirenso.

Chondibowa nchoti anandiuza mawa koma ndinadikira masiku 3, mtengonso ndiwowawa ndithu. Koma pano chiwongolero chili zii pa roboti, ndidzapitanso kukachotsetsa kaboni wa pa ma valavu.