Mafoloko atsopano njinga yasiya kugwada, koma foloko ya kumanzere yandidyera ndalama

Mnzanga wina wandifunsa ngati nayenso asinthe za m'kati mwa mafoloko (mapaipi awiri ogwira tayala lakutsogolo) a njinga yake yamoto monga ndinachitira ine. Chaka chatsala pang'ono kukwana, ndipo bilu ya amakanika ikadali m'thumba, ndiye bola ndiyankhe mtima usanazizire.

Mafoloko anga ndi a 41 mm, amtundu wa damper rod, aja oyilo amangodutsa pa timabowo tosasintha kukula. Ndinachotsa masipuling'i a kufakitale n'kuika a 0.90 kg/mm, olimba chimodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinawonjezanso timavalavu totchedwa emulator, tokhala pamwamba pa damper rod, ndodo ya m'kati imene ili ndi timabowo tija. Dziwani kuti timabowo tija amatikuza ndi dirilo kuti timavalavu tigwire ntchito, ndiye mukatero palibe zobwerera pokhapokha mutagula ndodo zina.

Zimene zikuyenda bwino sizifuna mawu ambiri. Ndikagwira buleki mwamphamvu njinga siigwadanso. Pokhota imatsata pamene ndailoza. Ndikakhalapo mafoloko amatsika 35 mm, ndipo muyesowu sunasinthe chiikireni. Bampu lakuthwa silifikanso m'mikono, chifukwa kavalavu kamatseguka oyilo akakankhidwa mwadzidzidzi.

Vuto ndi foloko ya kumanzere, komwenso kuli buleki.

Zinayamba ndi kamzere ka oyilo kozungulira paipi yonyezimira ya folokoyo, fumbi litamatirirapo. Ndikapukuta madzulo, mawa lake kabwereranso. Ndinalowetsa kapulasitiki kopyapyala pansi pa sili, labala lotchinga oyilo kuti asatuluke, kuti ndichotse mchenga ngati unalowa, kunaumadi masiku angapo, kenaka kunayambiranso. Tinasintha sili, ndalama n'kupita, ine n'kumati zatha. Sipanapite nthawi, m'mawa wina ndinapeza oyilo watsetsereka ndi mwendo wa foloko mpaka pa kalipa, chitsulo chogwira mapadi a buleki. Pogwira buleki njinga imangopitirira ngati sindinagwire kalikonse. Mapadi akamwa oyilo sachapika, n'kutaya basi.

Amakanika ataphwasula zonse ndi pamene tinaona chenicheni. Paipi inalibe dzimbiri kapena kukandika. Bushi, kamphete kachitsulo kamene paipi imatereramo, ndiyo inali itatha. Khungu lake loterera lija linali litaperepeseka mbali imodzi, mkuwa ukuonekera. Atagwira mwendo wa foloko n'kuugwedeza, ndinamva ndekha kuti kwete kwete. Bushi ikatha paipi imasewera, mlomo wa sili umatseguka pang'ono nthawi iliyonse mwagwira buleki, ndipo ngakhale muike sili yodula bwanji idzadonthabe.

Apa ndi pamene pandipsetsa mtima. Pogula ndinafunsa wogulitsa ngati ndifunikanso mabushi. Anati ayi, phukusilo lili ndi zonse. Munali masipuling'i, timavalavu, masili ndi oyilo, mabushi munalibe. Tizitsulo totsika mtengo, ndipo mafoloko anali otsegula kale tsiku limenelo!

Kuthira oyilo kachiwiri kunabweretsanso zake. Amakanika anathira 15W wa kampani ina, mafoloko n'kuyamba kubwerera mwaulesi, moti pa mabampu otsatizana ankangotsikiratsikira. Nambala ya W ija, yosonyeza kukhuthala kwa oyilo, makampani sayeza mofanana. Choyenera kufananitsa ndi cSt, muyeso weniweni wa kukhuthalako, pa madigiri 40, ndipo ndi emulator kabwereredwe ka foloko kamadalira kukhuthala kwa oyilo. Tinakhetsanso, n'kuthira wa mtundu woyamba, n'kuyeza mlingo sipuling'i itachotsedwa, foloko itapanikizidwa mpaka pansi.

Wogulitsa uja ndisanalipire ankayankha uthenga usanazizire. Nditadandaula, zii. Atayankha anapempha zithunzi, ndinatumiza. Anati amakanika ndiwo anang'amba sili poika. Ndinatumiza chithunzi cha bushi ija mkuwa uli poyera, pamodzi ndi uthenga wake womwe wakuti mabushi n'ngosafunika. Pamenepo anafewa, n'kutumiza masili awiri aulere. Za mapadi, oyilo ndi ntchito ya amakanika anakana kwamtuwagalu, akuti iye amagulitsa zida, sayendera njinga za anthu.

Tsiku limene ndayenda mumsewu wokhotakhota n'kubwerako manja osatopa, ndimati ndalama zinapita pabwino, ndipo sindingabwerere ku masipuling'i akale. Ndikawerengera zonse, maganizo amasintha. Zokonzakonza zokha zadya pafupifupi theka la zimene ndinagulira phukusi lonse, pa vuto limene likanatha ndi yankho loona limodzi.

Mnzanga uja ndamuuza kuti masipuling'i oyenerana ndi kulemera kwake agule, emulator agulenso ngati thumba likulola, ndipo mabushi asinthire limodzi tsiku lomwelo. Kwa wogulitsa wanga uja ndamuletsa. Masili aulere aja ndawasunga, koma ndalama yanga sadzaionanso.